Za Chindapusa cha Ukwati Umene Sunachitike

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira,
Holo ya Nyenyezi Zisanu ndi Imodzi.

Wolemekezeka Bwana,

Ndayamba ndavula chipewa, ndasamba ndi m'manja momwe, pakuti wometa sachedwa kusiya tsitsi la eni pa pepala loyera. Ndine uja wa kachipinda kometera kali pakati pa sitolo ya mabatire ndi ya mayi wosoka makatani, pamsewu wotsikira kudepoti ya mabasi. Simundidziwa, ndipo sindikudandaula. Koma ofesi yanu imandidziwa bwino. Miyezi yapitayi yandilembera makalata ambiri kuposa amene abale anga onse anandilemberapo chibadwire, ndipo pa chikondi chimenechi ndikuthokoza.

Ndalemba poyera chifukwa ndayesa kangapo kudzakuonani pamaso, koma nthawi zonse ndimauzidwa kuti muli pamsonkhano. Ndili ndi chikhulupiriro kuti msonkhanowo udzatha tsiku lina, ndipo mukadzatuluka mudzapeza nyuzipepala ili patebulo.

Nkhani yake ili motere. Mwana wanga wamkazi, woyamba kubadwa, amene amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, anabwera ndi mnyamata kunyumba. Mnyamata wooneka bwino, wa nsapato zopukuta, wolankhula motsitsa mawu. Anati amagulitsa matayala a galimoto m'matauni osiyanasiyana, n'chifukwa chake masabata ena ankasowa. Mayi a kunyumba anamukonda tsiku lomwelo chifukwa anatsuka yekha mbale imene anadyera. Ine ndinamukondera mutu: wozungulira bwino, wopanda mabampu, wosavuta kumeta. Ndinam'meta ulere chaka chathunthu. Loweruka lililonse limene anali pafupi ankakhala pampando wanga, atapereka khosi, lumo langa likuyenda pansi pa chibwano chake. Nthawi zina ndimaganizira zimenezi, Bwana, koma ndine munthu wopemphera.

Nkhani ya ukwati itapsa, iyeyo ndiye anasankha holo yanu. Anati amaidziwa. Apa sananame, ndipo ndikufuna zilembedwe kuti pa zonse zimene anatiuza, chimodzi chinali choona.

Tsono ndiloleni ndiyale mathokozo anga limodzilimodzi.

Choyamba, mlonda wanu wa pageti. Tsiku limene tinabwera kudzaona malo, ine, mayi a kunyumba, mwana ndi mnyamatayo, mlondayo anaimirira njo, n'kumenya suluti, nati, "Mwabweranso, bwana!" Mnyamatayo anaseka, natiuza kuti anabwerapo kumsonkhano wa ogulitsa matayala. Ife tinanyadira kuti tapeza mkamwini wodziwika ndi pamageti pomwe. Ndamva kuti mlondayo munamusamutsira kugeti lakumbuyo, kotulukira zinyalala. Munachita bwino. Munthu wokumbukira nkhope sayenera kuima kolowera makasitomala.

Chachiwiri, mtengo. Mayi wa padesiki yolandirira alendo, uja wa zikhadabo zofiira, anatitsitsira mtengo tisanapemphe n'komwe. Anangomuyang'ana mnyamatayo, namwetulira, nachotsera. Pobwerera, mayi a kunyumba anandigunda ndi chigongono m'basi, nati, "Mwaona, bambo ake? Uyu ndalama za mwana wathu sadzamwaza." Patapita nthawi ndi pamene mkulu wanu wowerengera ndalama anandifotokozera kuti kuchotsera kumeneko n'kwa makasitomala obwereza. Ndikuvomera umbuli wanga. Kwathu kometera makasitomala obwereza alipo, chifukwa tsitsi limameranso. Sindinkadziwa kuti ndi ukwati womwe.

Chachitatu, kusaina. Pepala la mgwirizano litabwera, mnyamatayo anatola cholembera, nachitembenuza, nandipatsa ndi manja awiri. "Ababa, ulemu uwu ndi wanu." Cholemberacho chinakana kulemba. Mayi wa zikhadabo zofiira anandibwereka chake msangamsanga, ndipo ndinasaina chifuwa chili patsogolo. Dipoziti ndinalipiranso ine, chifukwa ndalama za mnyamatayo zinali zitamangika m'matayala amene anali akadali m'njira. Dipozitiyo inali ndalama zimene ndinkasungira mpando wachiwiri ndi galasi lalikulu, kuti ndilembe wometa mnzanga, msana wangawu upumeko. Pa onse amene tinali m'chipindamo, cholembera choyamba chija ndicho chinandifunira zabwino.

Chachinayi ndi chachitali, mundipirire. M'chipinda chanu cholandirira alendo muli khoma la zithunzi za maukwati amene munachititsa, zikuluzikulu ngati zitseko. Tsiku loyamba lija chithunzi chimodzi chinali kuseri kwa chikwangwani choimika pansi, cholengeza mitengo ya mipando ndi zokuzira mawu. Palibe anafunsa. Ndani amafunsa za chikwangwani? Koma kutatsala masabata ochepa, mwana wanga anabwera ndi mayi ake okha, osachenjeza munthu, kudzasankha mtundu wa nsalu za pamatebulo. Anapeza wokolopa wasuntha chikwangwanicho kuti akolope pakona.

Pakhomapo panali mkamwini wanga, atavala suti yotuwa, duwa lili pachifuwa, akudyetsa keke mkazi wina wa velo loyera. M'munsi mwake munalembedwa ndi zilembo zagolide kuti chikondi chosatha chimayambira pano.

Mayi ake akuti mwana sanalire, sanakuwe. Anali ndi tizidutswa tiwiri ta nsalu m'manja, kobiriwira ndi kofiirira, ndipo anangoima akuyang'ana khomalo mpaka wokolopa anamupempha kuti asunthe phazi. Kenako mwanayo anati, "Amayi, suti ija ndi yomweyi." Ankanena suti imene mnyamatayo anatiuza kuti wasoketsera ukwati wathu, imene inali itapachikidwa m'kabati yathu, mayi a kunyumba ataikuta ndi pulasitiki kuopa fumbi. Anatuluka, nakwera basi, ndipo njira yonse tizidutswa tija tinali tikadali m'manja mwake. Ngati tili pa mndandanda wa katundu wanu wosowa, tili kuno, tidzabweza.

Ndithokozeko wojambula wanu. Ndinabwera kudzaona ndekha, ndipo chithunzicho n'chowala bwino, munthu sangachite kufunsa kuti kodi ndi iyeyo kapena mbale wake. Monga mmisiri ndingowonjezera kuti amene anam'meta tsiku limenelo anakhotetsa mzere wa kumanzere.

Chachisanu, kusunga chinsinsi. Mayi a kunyumba anafunsa mayi wa padesiki kuti ukwati wa pachithunziwo unachitika liti, ndiponso ngati mkaziyo ali moyo. Anayankhidwa kuti kampani yanu siulula za makasitomala ake. Chinsinsicho chinali pakhoma, chachitali kuposa ine, nyali ziwiri zikuchiwalitsa. Nditabwera ndi mlamu wanga kudzafunsa amene anaimika chikwangwani pamenepo tsiku lija, tinauzidwa kuti chikwangwani chimaima paliponse pamene pali malo. Sindinatsutse. Inenso ndili ndi tsache limene limasowa lokha.

Mnyamatayo anaimba foni kamodzi. Anauza mwana wanga kuti nkhaniyo ndi yaitali, adzaifotokoza akabwera. Chichokereni tsikulo foni yake sipezeka, ndipo kumene ankati amachita lendi tinapeza kuti ndi chipinda cha mnzake. Ataimba foni ija, m'mawa mwake ndinabwera kudzakuuzani kuti ukwati kulibe. Mayi wa padesiki anati pepani kwambiri, anagwira ndi pamtima pomwe, kenako anatsegula kabati n'kutulutsa makina owerengera.

Chachisanu ndi chimodzi, kalata yanu ya chindapusa. Dipoziti yapita, ndamva. Pamwamba pake ndilipire theka la mtengo wonse. Ndipo mtengo wake si uja wotsitsidwa ayi, ndi wathunthu, chifukwa, monga kalatayo ikufotokozera mwaulemu, amene anasaina, ndiye ine, si kasitomala wobwereza. Apa ndinavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwerenganso. N'zoona. Ine ndinakwatira kamodzi kokha, ndipo mkazi wake ndi yemwe uja anandigunda ndi chigongono. Sindinkadziwa kuti zimenezi zidzandikwezera mtengo kuukalamba.

M'munsi mwa kalatayo mwalembamo zimene ndalamayo ikulipira: mafuta a jenereta, alonda oyang'anira magalimoto a alendo, kukolopa phwando litatha, ndi kuchapa nsalu za pamatebulo. Ndazungulira abale onse, akuchimuna ndi akuchikazi, kufunsa amene anatayira supu pansalu zanu pa ukwati umene sunachitike. Onse akukana. Azakhali ake a mwana, amene pamaphwando ena amatayadi, alumbira kuti tsiku limenelo anali kuchipatala ndi mwendo. Za magalimoto musade nazo nkhawa. Pamtundu wathu wonse ilipo imodzi, ndipo ili pamiyala.

Chachisanu ndi chiwiri, chisoni chanu. Mkulu wowerengera ndalama anandikhazika pansi, nandifotokozera modekha kuti chindapusachi si chilango. Akuti holo inaluza tsiku, inakana anthu ena chifukwa cha ife, ndipo Loweruka limenelo idzakhala yokhayokha. Ndinamva chisoni, Bwana. Holo yaikulu ngati imene ija kukhala duu, mipando itasanjikizana, popanda woivinira.

Loweruka lakelo litafika ndinatsegula kometera m'mamawa, chifukwa kunyumba kunali kosakhalika. Woyamba kukhala pampando anali mnyamata wina wa thukuta pamphumi, nati ndim'mete mosamala, akukwatira masana. Ndinafunsa kuti phwando lili kuti. Anatchula holo yanu. Anati anachita mwayi, malo anapezeka mwadzidzidzi, ngakhale anamulipiritsa mtengo wokwera wa anthu olembetsa mochedwa. Ndinam'meta bwino kwambiri, simungachite naye manyazi pakhoma panu. Ndinangom'funsa ngati aka n'koyamba. Anati inde, ndipo ndinam'khulupirira chifukwa cha thukuta.

Nditam'fotokozera zimenezi mkulu wanu wowerengera ndalama, anati mgwirizano sunena kanthu za zimene holo imachita ikasiyidwa. Ndinamumvetsa. Wosiyidwa aliyense amadzitonthoza m'njira yakeyake. Holo yanu inapeza wina sabata isanathe, ndipo ikulandirabe chipepeso. Ndikanakonda mwana wanga akanaphunzira kwa iyo.

Chachisanu ndi chitatu, chifundo. Nditachonderera kwambiri, mkulu yemweyo ananditsegulira kakhomo. Anati ngati ukwati ungasunthidwe kupita tsiku lina m'miyezi isanu ndi umodzi, chindapusa chichotsedwa. Ndinamukumbutsa kuti mkwati palibe. Anatembenuza mapepala, nawerenga, nati, "Mgwirizanowu sutchula dzina la mkwati, bambo. Bola wosaina akhale yemweyo." Kuchokera tsikulo mitu ya makasitomala anga ndimaiyang'ana ndi diso lina. Pali wokonza mawotchi amene mkazi wake anamwalira, wakhalidwe labwino, mano anayi. Pali kondakitala amene amati ndi mbeta, koma tsopano munthu akandiuza kuti ndi mbeta ndimafuna ndiyambe ndayendera makoma a maholo onse. Mwana wanga sindinamuuze za chifundo chimenechi. Ndaona kuti n'chachikulu kwambiri, sangachisenze.

Chotsiriza pa mathokozo, mauthenga a pafoni. Polembetsa paja munatenga nambala ya mkwatibwi. Ukwati titauimitsa, makina anu sanauzidwe. Ankamukumbutsa mokhulupirika kuti tsiku lake lalikulu layandikira, amwe madzi ambiri, agone mokwanira kuti nkhope iwale. M'mawa wa Loweruka lija anamufunira mafuno abwino, ndi timitima tofiira. Lolemba lake anamupempha kuti atchule nyenyezi zimene akukupatsani pa chisangalalo chimene anapeza. Uthenga umenewo unamupeza ali kuntchito, akuwerengera nkhalamba ina mapiritsi a mtima. Mnzake wa pakauntala ndiye anamaliza kuwerengako. Ndinapempha kuti mauthengawo aleke, ndipo ndinauzidwa kuti amaleka okha akaunti ikatsekedwa, ndipo akaunti imatsekedwa chindapusa chikalipidwa.

Pali munthu wina amene ndikufuna mumudziwe, ngakhale nkhope yake mumaiona tsiku lililonse polowa muofesi. Mayi wa pachithunzi uja ali moyo. Anamva nkhani yathu kwa mayi wosoka makatani, nabwera kometera masana ena, kamwana kakakazi kali m'manja. Anaima pakhomo nati sanabwerere ndewu. Ndinamupatsa benchi. Kamwanako ndinangokaona kumutu n'kudziwa bambo wake, pakuti mutu umenewo ndaugwira chaka chathunthu. Mayiyo ndi mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono. Naye ankadziwa kuti mwamuna wake amayenda ndi matayala. Naye bambo ake ndiwo anasaina, atapatsidwa cholembera ndi manja awiri, ndipo ngongole imene anatenga kuti alipire holo yanu akuibwezabe mpaka lero. Akuti palibe anam'pemphapo chilolezo chomupachika pakhoma. Anapita kukapempha kuti mum'chotse, nauzidwa kuti chithunzicho ndi katundu wa kampani.

Ndinapita naye kunyumba. Sindinadziwe kuti zikathera pati, mayi a kunyumba anabisa ndi mipeni yomwe. Koma atsikana awiriwo anangoyang'anana, kenako mwana wanga anatambasula manja n'kulandira kamwana kaja. Anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, akulankhula motsitsa, nthawi zina akuseka kuseka kwa anthu amene agwa m'dzenje limodzi. Akuti ngakhale mawu ofunsira anali omwewo. Tsopano mayiyo amabwera Lamulungu lililonse masana. Ndiye musanene kuti holo yanu silumikiza anthu.

Za mwana wanga ndinene pang'ono, popeza m'makalata anu amatchedwa "mbali yolephera". Diresi anakabweza yekha kwa telala, nalipira zimene zinatsala, osapempha kuchotsera. Makadi oitanira anthu anawatolera m'nyumba, nawamanga ndi mphira, nawaika pansi pa bedi. Kuntchito sanajombepo. Kale ankaimba akamasita yunifolomu yake, moti ndinkachita kumuuza kuti atsitse, ndikumvera mpira pawailesi. Tsopano mpira ndimaumva bwinobwino. Kalata yanu yomaliza, ija ikunena kuti mukapanda kulandira ndalama mutumiza anthu kudzalanda katundu, ndinaibisa m'thumba la jekete, koma anaipeza pochapa. Anabwera nayo kometera, nadikira kasitomala atuluke, nati, "Ababa, ndidzalipira ine. Ndine ndinamubweretsa." Ndinamuuza kuti wosaina ndine. Anati wokhulupirira ndiye. Tinakangana, aliyense akulimbirana mlandu, mpaka wa mabatire anasuzumira kufunsa ngati kuli bwino.

Kuti anthu anu olanda asavutike, katundu wake ndi uyu: mpando umodzi wozungulira, umene umazungulira mbali imodzi yokha, galasi long'aluka pakona, benchi, makina awiri ometera, ena amaluma, ndi wailesi. Akatenga zimenezi ndiye kuti atenga ndi njira yomwe ndikanakulipirirani, koma za masamu inu ndinu odziwa.

Mlamu wanga akuti tipite kukhothi. Mayi a kunyumba akuti tipite pageti panu tsiku la ukwati wina, tikaime ndi chikwangwani chathuchathu. Ine ndakana zonsezi. Ndine munthu wamng'ono, ndipo ndaona kuti ulemu ndi umene mumaudziwa bwino.

Pempho langa tsono ndi limodzi, ndipo ndi lochepa. Sindikupempha kuti mukhululuke ngongole, pakuti ndamva kuti makina anu alibe batani limenelo. Ndalama tazisonkha. Mlamu wanga wagulitsa njinga, mayi a kunyumba atulutsa zimene ankabisa m'chitini cha mabatani, mwana waikapo malipiro ake a mwezi, ngakhale mayi wa pachithunzi waponyapo kangachepe, akuti iye njira ya kuholo kwanu anaizolowera. Zakwana. Chimene ndikupempha n'chakuti mudzatenge nokha. Musatume mayi wa padesiki, musatume wowerengera ndalama, musatume kalata. Mubwere inuyo, Bwana, Lamulungu likubwerali masana. Mukafika padepoti mufunse nyumba ya wometa, aliyense akulozerani.

Tidzakulandirani bwino. Mpando wabwino wa pabalaza tidzautulutsira pakhonde, madzi ozizira adzakhalapo. Atsikana awiri aja adzakhala pomwepo, wina kumanja kwanu, wina kumanzere. Ndalamazo ndidzaziika m'manja mwa mwana wanga. Inu mudzangomuyang'ana kumaso, n'kumuuza ndi pakamwa panu chimene akulipira, kenako n'kutambasula dzanja n'kutenga. Sadzakaniza. Ndinamulera bwino.

Tsikulo takusungirani inu nokha, ndipo ena onse ofuna kudzacheza tawakaniza. Koma mukaona kuti simukwanitsa, kaya msonkhano uja sunathe, kaya miyendo yalemera, musade nkhawa. Ingotumizani mawu, ngakhale mochedwa. Kwathu kuno munthu akalephera kubwera sitimulipiritsa.

Ndine wanu wodzichepetsa,
amene anasaina,

Wometa wa pamsewu wa kudepoti,
bambo wake wa mkwatibwi.